Kagalimoto ka Tadala

Lachitatu. Kwazizira, ndipo mtima wanga sunakhazikike.

Ana anga a Sitandade 2 ndimawatumizira masewera a masamu pa foni: ukawonkhetsa bwino, kagalimoto kamawoloka mlatho. Tadala wawoloka milatho yonse isanu ndi iwiri, chonsecho m'kalasi timitengo khumi timamusokoneza. Mayankho akenso amafika m'mawa, iye ali pamaso panga, foni ili ndi bambo ake ku Chimbiya kumene amagulitsa mbatata ya kachewere.

Lero ndakumana ndi bambowo pamsewu. Ndisanafunse kanthu, iwo akuti, "Aphunzitsi, mlatho wina mutumiza liti? Mwanatu akundisowetsa mtendere."

Kagalimoto kaja kanali kakulira m'thumba mwawo.

Mawa Tadala abwerera ku timitengo. Koma bambo akewo, kaya ndingowalemba m'kaundula...