Ndathamangira ku Nguludi ndi Maluwa

Abambo a Denis,

Foni yanu sikupezeka. Musatseke mawindo, ndawasiya choncho dala. Ndathamangira kuchipatala ku Nguludi ndi Maluwa.

Ndi chiperoni cha m'mawachi ndinalowetsa mbaula m'nyumba n'kutseka chitseko, kuti ndiziphika futali ana akuotha pomwepo. Denis anati, "Amayi, mutu ukundipweteka," ine n'kumuuza kuti ndi njala chabe. Potembenuka ndinapeza Maluwa ali lefu pamphasa, kumuitana osayankha. Nditatuluka naye panja anasanza n'kutsegula maso pang'ono, koma mpaka pano sanalire. Mwana wolira uja, bambo, ali chete.

Amayi a Angella, oyandikana nafe aja, akuti ndi mpweya wa makala. Denis ndamusiya kwawo. Mukamutenge mubwere naye, nayenso adokotala amuone. Mutengenso bulangete lofiira ndi kabuku ka Maluwa ka kusikelo, ndakasowa, mwina kali pansi pa matiresi.

Wa kabaza wafika. Ndikudziwa, munandiletsa za mbaula m'nyumba, pepani. Mudzandikalipire mawa, lero ingobwerani. Ndekha ndikuopa.

Esnart