Tonse Awiri Tinkasuntha Kamphete

Lolemba, 3 Malichi

Mizere iwiri.

Ndayeza kawiri, m'bafa la kuseri kwa shopu, siketi ya kasitomala ndaisiya pa makina. Kachipangizo koyezera mimba koyamba ndinati n'kabodza, ndinabwerera ku famase kukagula kena. Mayi wa pa famase kundiyang'ana pamwamba pa magalasi, ine n'kuti andituma. Mizere iwirinso, yofiira psuu.

Ine, zaka 43. Ine amene ndakhala ndikuuza anzanga kuti ndayamba kusiya kusamba, ukalamba wagogoda. Ndinakhala pa chidebe n'kuyamba kuseka ndekhandekha mpaka misozi. Ndikudziwa kuti ndiyenera kuchita mantha. Mantha abwere mawa, lero andisiye kaye.

Chonditekesa n'chakuti ine ndine mphunzitsi wa mikanda yolerera. Zaka 9 ndakhala ndikuima pamaso pa maanja m'gulu lathu loteteza ana osabadwa, mkanda uli m'manja: wofiira ndi tsiku loyamba la kumwezi, yoderayo palibe vuto, ikafika yoyera khumi ndi iwiri ija bambo agone choyang'ana kukhoma. Kamphete kakuda kamasuntha mkanda umodzi pa tsiku. "Sikanama," ndimatero, chifuwa chili patsogolo.

Ndiye Loweruka lino ndikukalankhula pa mtsutso ku holo, nkhani ya bilu yochotsa pakati ndi za kulera. Wa mbali inayo ndi Nesi, mng'ono wanga wa bere limodzi, amene sitinalankhulane chiyambire Julaye. Iyeyo ndi amene ndikumufuna lero kuposa wina aliyense, ndipo ndi yekhayo amene sindingamuimbire.

Siketi ija ndaika zipi mozondoka.

Lachiwiri, 4 Malichi

Ndawauza amuna anga, a Wotchi. Ndinawalondola ku benchi kwawo masana, ndawapeza aweramira wotchi ya munthu, kagalasi kawo kali pa diso. Ndinangoika kachipangizo kaja pakati pa timasikuluu tawo.

Anakayang'ana ndi kagalasi komweko ngati akufuna kukakonza. Kenako: "Sizingatheke, mayi. Ine kamphete ndimasuntha m'mawa uliwonse, sindinaphonyepo."

Ndinati bwerezani.

"Chiyambire semina ya Januwale. Si munanena nokha kuti abambo tizitengako mbali, tisamasiyire amayi okha?"

Ndinanenadi. Anthu anandiombera m'manja. Koma mwamuna wangayu anakatenga mbali yakeyo mwakachetechete, osandiuza, ine ndikusunthanso madzulo aliwonse monga mwa kale. Mikanda iwiri pa tsiku. Ndinkaona ndithu kuti mwezi ukuthamanga, koma ndi mayunifolomu a sukulu amene anadzaza shopu nthawi imene ija ndinati ndi mutu wanga. Ndawafunsa kuti inu, munthu wa mawotchi, simunaone kuti yoyera yatha msanga? Akuti anaona, koma anangoyamika.

Taseka mpaka bambo wina amene amadikira wotchi yake anachoka. A W. anandigwira dzanja pamsewu penipeni, zimene sanachitepo ngakhale tili pachibwenzi. Atatero anachotsa kagalasi kaja, nkhope n'kusintha.

"Nanga zija ananena adokotala?"

Zija. Pobadwa Mzime bipi inakwera mpaka ndinakomoka, ndinadzuka patatha masiku atatu. Adokotala anati awiriwa akwana, musadzayesenso. Papita zaka 15. Ndinawayankha kuti tiona, ndipo ndinabwerera ku shopu ndikuimba nyimbo ya kwaya mumsewu.

Lachitatu, 5 Malichi

Fungo la mafuta a makina likundinyansa. Zaka 20 ndikulinunkhiza, lero ndiye landida.

Mayi Wapampando wa gulu lathu (ndizingolemba Wpp.) anabwera kudzatenga chinsalu cholembedwa chimene ndasoka cha Loweruka. Sindinathe kusunga, ndinawauza. Anaponya chikwama pansi n'kundikumbatira, kuvina nane pakati pa zidutswa za nsalu. Ndinawauzanso za kamphete. Kuvina kunathera pompo.

"Izi zithere m'shopu muno. Loweruka musatchule. Zikadzaoneka, mudzati munachita kufuna."

Ndinati koma mayi, limenelo si bodza? Iwo akuti si bodza, n'kuteteza ntchito. Akuti a mbali inayo akamva kuti mphunzitsi wa mikanda watenga pakati mosayembekezera, jakisoni ndi mapiritsi zapambana, maanja onse amene ndinawaphunzitsa atithawa. Sindikuwada. Mayi amene uja walera ana atatu amene amayi awo ankafuna kuwataya, zimenezi si zamasewera kwa iwo.

Andisiyira mapepala asanu oti ndikawerenge ku holo. Ena ndi okhudza asayansi amene amasunga miluza m'mafiriji n'kumatengako maselo pofufuza mankhwala. Mawu ake ataliatali, lilime langa likukana. Ndamvapo chimodzi: akuti kamluzako n'kochepa kuposa kabowo ka singano. Ndinatenga singano n'kuiyang'ana pa windo. Wangayu anali choncho mwezi wathawu, pano akundiletsa kale kununkhiza makina anga. Anene zonena, kwa ine ameneyu ndi munthu, ndipo ndi wamwano.

Lachinayi, 6 Malichi

Nesi wadziwa.

Kunali kamsonkhano ku holo kokonza kuti ayambe kulankhula ndani. Ndinalowa, iye ali kale pa mpando wakumapeto, yunifolomu yake yoyera mbee, maso pa foni. Wandimana moni ngati ndine khoma. Wawonda. Ndinafuna kumufunsa ngati akudya, ndinameza.

Ndilembe zimene zinachitika mu Julaye, chifukwa m'buku lino ndinazilumpha dala. Pa ukwati wa msuweni wathu tinayamba kukangana za bilu yomweyi pa tebulo. Iye amati lamulo lilole ngati moyo wa mayi uli pachiswe, ine ndimati moyo ndi moyo basi. Anthu akuseka, akutisonkhezera. Ine pofuna kupambana ndinati, "Iwe usandiphunzitse, manja akowo ndi amagazi." Munthu amene ntchito yake ndi kubaya jakisoni wolera ndi kutsuka atsikana obwera atadzivulaza. Anaika foloko pansi bwinobwino, n'kutuluka. Kuchokera tsiku limenelo mawu oti "achemwali" sindinawamvenso.

Tsono lero okonza msonkhano anabweretsa tiyi wamkaka. Atangotsegula fulasiki, ine ulendo wa kubafa, dzanja kukamwa. Potuluka ndinamupeza ataima pakhonde, manja apinda pachifuwa. Anandiyang'ana nkhope, kenako mapazi.

"Masabata angati?"

Ndinati mwina asanu ndi atatu.

"Ndi bipi yanu ija."

Silinali funso. Anaima pang'ono ngati pali china, kenako anabwerera mkati. Miyezi isanu ndi itatu ya zii, mawu oyamba n'kukhala amenewo. Chodabwitsa n'chakuti pobwerera kunyumba ndimangomwetulira mu basi ngati wopenga. Wandilankhula. A W. akuti ndisasangalale msanga, ndamupatsa ndekha chibonga chondiphwanyira Loweruka. Akunena zoona. Angoima n'kuti, funsani mayi uyo mmene mikanda imagwirira ntchito, holo yonse igwa ndi phwete.

Lachisanu, 7 Malichi

Mzime wamva. Akuti akufuna kalata yomuchotsa pa udindo wokhala mwana womaliza, yosainidwa ndi tonse awiri, popeza tonse awiri tinalakwa. Kenako anagoneka mutu pamimba panga n'kuti sakumva kanthu.

Mantha aja afika lero, cha m'ma 3 koloko, ndikusita kolala. Ndinazimitsa simbi n'kukhala pansi. Ndalemba uthenga kwa Nesi kanayi, kanayi konse ndafufuta. Mapepala a Wpp. ndaloweza tsamba limodzi ndi theka.

Loweruka, 8 Malichi

Ndilembe msanga ndisanaiwale.

Holo inadzaza mpaka ena anaima m'mawindo. Chinsalu changa chinapachikidwa chopendekeka. Woyendetsa mtsutso anali mphunzitsi wina wopuma, ali ndi kabelu ka pa tebulo, ndipo amakakonda kabelu kakeko.

Nesi anayamba. Analibe pepala. Anati iye sanabwere kudzatsutsana ndi Mulungu, wabwera kudzanena zimene amakolopa pansi mu wodi. Anakamba za mtsikana wina amene anafika mochedwa, amayi ake atamubereka kumbuyo ngati khanda. Ine sindigwirizana naye pa bilu, mpaka pano sindikugwirizana naye, koma mwana ameneyu sanama ndipo sananamepo.

Ndiye mphunzitsi uja anafunsa funso lomwe ndimaliopa. "A Nesi, nanga njira ya mikanda imene anzanuwa amaphunzitsa, imagwira?"

Wpp. anandifinya bondo. Nesi anatembenuka, anandiyang'ana, ndikulumbira kuti pakamwa pake panagwedezeka pang'ono.

"Imagwira kwa amene angaikwanitse. Funso lina."

Basi. Anakhala pansi.

Belu linalira, nthawi yanga. Ndinaima ndi mapepala aja, ndinawerenga mzere woyamba wa za mafiriji, ndinapunthwa pa liwu lachitatu. Ndinayang'ana kumbuyo kwa holo, a W. ali pa mzere womaliza atavala tayi ya pa ukwati wathu. Ndinaika mapepala pa tebulo n'kutulutsa mkanda m'chikwama.

Ndinati ambiri muno mumandidziwa ndi mkanda uwu. Ndinati ndili ndi zaka 43 ndipo ndine woyembekezera, ndipo sitinachite kufuna. Ndinafotokoza zonse, semina, mayunifolomu, ine madzulo iwo m'mawa. Mmene ndimafika poti "anaona koma anangoyamika", anthu anali atagwira m'mimba, mayi wina kutsetsereka pa benchi. A W. anaimirira n'kuwerama mwaulemu mbali zonse ziwiri. Mphunzitsi kuliza belu, belu osamveka. Nanenso ndinaseka mpaka kutsamira tebulo. Wpp. anaphimba nkhope ndi pulogalamu.

Phokoso litatsika ndinati maganizo anga sanasinthe. Amene ali m'mimba muno ndi munthu, wabwera mwangozi koma si ngozi, ndipo ndimusunga. Ndinatinso ndikuopa, chifukwa adokotala anandiletsa, ndipo zaka zonsezi ndimalankhula za amayi oopa ngati ndikuwadziwa pamene sindimawadziwa.

Zotsatirazi sindinakonzekere. Ndinati pali munthu muno amene ndinamunena pagulu kuti manja ake ndi amagazi. Tsiku limene ndinakomoka pobereka, iyeyo anali adakali pa sukulu ya unamwino, ndipo ndi amene anandigwira mpaka adokotala kufika. Magazi anali pa manja ake tsiku limenelo anali anga. Ndinanena pagulu, ndiye ndikupepesanso pagulu.

Nesi sanadzutse mutu. Amangoyang'ana nsapato zake. Belu linalira.

Potuluka amayi anandiunjirira, ena kundigwira pamimba, bambo wina kufunsa a W. kuti kamphete amagula kuti. Wpp. anandipatsa chikwama changa n'kuti tidzakambirana Lachiwiri, mawu ali ouma, koma anandikonzera kolala ya bulauzi. Mmene ndimadzapeza mpata, mpando wa Nesi unali wopanda munthu.

Amene wapambana mtsutso sindikumudziwa. Sindinafunse.

Lamlungu, 9 Malichi

7 koloko m'mawa, ndili ndi duku kumutu, nsapato imodzi kuphazi, kukonzekera za kutchalitchi. Kugogoda. A W. anatsegula n'kungoti, "Mlamu," kenako anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi chochita kuseri.

Nesi analowa ndi chikwama chake cha kuntchito. Moni ayi. Anakoka mpando wa pa tebulo.

"Khalani apa. Musapingase miyendo. Musalankhule, zimasokoneza."

Anandikulunga lamba wa makina a bipi pa mkono n'kuyamba kupopa. Manja ake ozizira ngati kale. Ndinayamba kuti Nesi, dzulo lija, iye n'kuti shh. Anayang'ana nambala nthawi yaitali, anailemba pa kapepala.

"Yakwera, koma si yoti tithamange nayo lero. Mawa sikelo, 7 koloko, ndidzakutengani ndine. Muzikaonana ndi adokotala aakulu, osati ine ndekha. Mchere muchepetse."

Ndinagwedeza mutu.

"Za bilu sindinasinthe maganizo."

Ndinati nanenso.

"Ndikudziwa."

Mkanda uja unali pa tebulo pomwe ndinausiya dzulo. Anaunyamula, anauyang'ana, n'kuuponya m'chikwama mwake. Akuti akundisungira, alamu angayambirenso kutengako mbali. Ndinafuna kuseka koma chinatuluka ndi china, ndipo iye anayang'ana kumbali n'kumamasula lamba uja pang'onopang'ono, mphuno ikumuvuta.

"Bweretsani mkono winawo, achemwali."

Ndinapereka.