Bambo Akuwadziwabe Makona a Msewu wa Kuphiri

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino kutaliko. Mukukumbukira ndili mwana, Bambo atatikweza lole yawo pamsewu wa kuphiri uja, inu mutatsinzina mpaka pamwamba?

Sabata yatha ndinapita nawonso kuphiri komweko achimwene anuwo, koma woyendetsa ndinali ine. Makona onse akuwadziwabe. Tisanakhote ankandigwira bondo: "Liza hutala, wotsika sakukuona!" Nditaphonya giya anaseka: "Sukulu yonse ija, phiri lokha likukukanika?"

Pamwamba tinaima pa tchalitchi chakale chamiyala chija. Kunali nkhungu, ndiye ndinawafunditsa jekete langa. Anandiyang'ana mwaulemu ngati mlendo nati, "Zikomo adalaivala. Kodi kwanu n'kuti?"

Ndinangoti, "Kufupi ndi kwanu, bambo." Mpaka lero sindikudziwa ngati ndinayankha bwino.

Kudya akudya, musade nkhawa. Adokotala ananena zina za kuiwala kwawoku, koma dzanja likukana kuzilemba. Lanu dzina akulitchulabe m'mawa uliwonse. Mukapeza mpata, chonde musachite kudikira chaka chamawa.

Msuweni wanga amene akubwera kwanuko waima pakhomo, akuti basi imusiya. Ndipinde mapepalawa, ndimupatsire m'manja.

Ndine,
Mwana wanu