Sewero limene ndinamusankhira Asiyatu

Lachinayi, ku Nsanama. Tsiku la lero landilemera, ngakhale malonda ayenda bwino.

Sabata yatha Asiyatu, mnzanga amene timayala tomato moyandikana pamsika, anandipempha kuti ndimuuze sewero labwino loonera pafoni. Akuti nyumba imamukulira, poti amuna ake, a Jafali, amakhalitsa ku Balaka pa geni yawo. Ndinamusankhira dala sewero la mayi amene mwamuna wake ali ndi banja lina kutauni. A Jafaliwo ndinawaona ndi maso angawa ku Balaka komweko, atanyamula khanda, mkazi wina atawakolowekera dzanja paphewa. Kumuuza kunandikanika, ndiye ndinkati mwina seweroli lindiyankhulira.

Lero wafika akuseka, dengu likadali pamutu.

"Iwe Patuma, bandulo yanga yonse yathera sewero lako lija! Koma mayi uja ndi wogona bwanji? Mudzi wonse ukudziwa, iye yekha osaona kanthu!"

Ndinati, "Mwina anzake akuopa kumupweteka mtima."

"Iyayi, amenewo si anzake. Ine mnzanga atandibisira zoterozo, sindingamuyankhulenso mpaka kumanda."

Atatero ananyema chigumu chake n'kundipatsa mbali yaikulu. Ndinalandira n'kudya.

Wandiitana kuti mawa tikaweruka tikaonere limodzi gawo lomaliza kwawo, ndipo ndavomera. Ndikamuuza, banja lake ligwedezeka. Ndikakhala chete, ndiye kuti anzake a mayi uja ndi ineyo. Sindikudziwa ngati ndikayambe kuyankhula asanayatse foni, kapena...