Njira ya Kuseri kwa Nkhokwe

Chawama, Lusaka
16 Ogasiti 1998

Amayi okondedwa,

Landirani moni wochokera kwa ine mwana wanu Mateyu. Kaya muli bwanji kumeneko ku Zingalume? Nanga bondo lija likuti bwanji? Mlongo wanga Kristina anandiuza kuti kuchipatala ku Chadiza anakupatsani mafuta opaka, koma inu ndimakudziwani. Botolo lake mwina mwalisomeka kudenga, likudikira tsiku limene bondo lidzapweteke zenizeni. Litsitseni muzipaka, Amayi.

Ife kuno tili bwino. Mpongozi wanu Lefina anavutika ndi chifuwa chifukwa cha fumbi la mwezi uno, koma wayambiranso kugulitsa tomato kumsika. Mdzukulu wanu Takondwa naye sukulu yamulowa, moti akufuna kuphunzitsa Chingerezi aliyense m'nyumba muno, ndi mphaka yemwe. Chovuta ndi madzi. Pampopi zigubu zimafola mzere eni ake asanadzuke. Ntchito ndiye ilipo yambiri, chifukwa anthu olemera a ku Kabulonga akuopa akuba kuposa mmene amaopera Mulungu.

Kalata ino muwerenge nokha, musapatse wina kuti akuwerengereni. Nkhani yake ndi ya nkhokwe yanu.

Uthenga wa amalume a Timoti unandipeza. Akuti chimanga chikutsika m'nkhokwe mwanu mosadziwika bwino. Akutinso akazi awo a Keziya ndi anthu ena akhala akuona alamu anga a Ezara, amuna a Kristina, akutulukira kuseri kwa nkhokweyo m'mawa ndi madzulo, khasu paphewa, thumba m'manja. Ankhoswe akuti akhala pansi mwezi wamawa, ndipo a Ezara akapanda kuyankha zomveka abwerera kwawo ku Pembamoyo. Amalume anawonjezera kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Tsono akufuna ndibwere ndi kamera ya kuntchito kwathu, imene iwo akuitcha chambu cha Azungu, kuti pa tsiku la mlandu aliyense adzaone wakubayo ndi maso ake.

Ndinakwiya, Amayi, sindibisa. Kristina ndi woyembekezera, ali ndi ana awiri kale, ndiye anthu akukamba zomuthetsera banja ngati akukamba zophwasula khola la nkhunda. Koma mkwiyo utatsika ndinati ayi, amalume apempha chinthu chimene ndimachidziwa, ndichichite bwinobwino kuti choonadi chituluke.

Ndikufotokozereni kaye ntchito yanga, pakuti kumudziko ena amati ndine mlonda, ena amati ndimajambula zithunzi za maukwati. Timakhoma kamera pakhoma kapena pamtengo, n'kukoka waya mpaka m'nyumba. M'nyumbamo mumakhala tivi ndi deki, makina ngati aja amaonetsera mafilimu pamsika wa ku boma. Chimene kamera yaona, deki imasunga pa tepi, ndipo mwini nyumba amadzaonera pambuyo pake. Palibe mankhwala alionse, ndi waya basi.

Ndinayamba ndi kusankha kamera. Makamera alipo a mitundu iwiri. Ina imaonetsa chinthu ndi mtundu wake, chitenje chofiira chioneke chofiira. Madona amaikonda imeneyo, koma dzuwa likangopendeka imachita khungu, komanso imadya moto wambiri. Inayo imaonetsa zakuda ndi zoyera zokha, koma imapenyabe m'mbandakucha ndi pachisisira. Ndasankha yachiwiriyi, chifukwa ife sitikufuna kudziwa mtundu wa malaya a munthu koma nkhope yake.

Pa deki ndiye mutu unandiwawa. Deki wamba imadzaza tepi msanga. Mukaiyatsa m'mawa, dzuwa lisanafike pamutu tepi yatha, ndiye pamafunika munthu wokhala pompo kuti azisintha. Nanga munthu ameneyo bwanji osangolondera nkhokweyo ndi maso ake? Ilipo deki ina yopangidwira ntchito yomweyi, imene tepi imodzi imakwana usana ndi usiku. Koma iyo imajambula modumphadumpha. Itenga chithunzi, ipumule, itengenso china. Munthu pa tivi amaoneka ali apa, kuphethira kamodzi ali apo, ngati chiwala. Ngakhale abusa athu atajambulidwa ndi deki imeneyi angaoneke ngati akuthawa kanthu. Komabe ndatenga yomweyo, chifukwa palibe ina yoti ingatithandize.

Chotsatira ndi moto. Kwathu magetsi kulibe, choncho ndibwera ndi batire la galimoto ndi kabokosi kamene kamasandutsa mphamvu yake kukhala ngati ya magetsi a m'nyumba. Batirelo likafooka lizikatchajidwa ku boma pa njinga. Abwana anga avomera kundibwereka kamera ndi deki zakale zimene tinazula m'nyumba ina eni ake atasamuka. Anandifunsa kangapo ngati ndikunena zoona kuti ndikukalondera chimanga. Ndinawauza kuti kwathu chimanga ndicho chuma cha m'nyumba, ndipo anangopukusa mutu n'kusaina.

Mnzanga wa kuntchito, a Gabriel, anandiseka kuti ndikudzivutitsa chabe. Anati nditenge chigoba cha kamera chopanda kanthu m'kati, chokhala ndi kanyali kofiira kothwanima. Zoterezi timakhoma m'nyumba zambiri, ndipo akuba amaziopa ndithu. Anati kumudzi chimenecho n'chokwanira, pajatu nacho chambu chimagwira ntchito ndi mantha a wakuba. Ndinakana. Wakubayo akaopa n'kusiya, chimanga chileka kutsika, ndipo anthu adzati a Ezara asiya chifukwa aona kamera. Dzina lawo likhala lodetsedwa mpaka kumanda, popanda wowafunsa.

Tsopano mvetserani bwino, chifukwa apa ndi pamene pali nkhani.

Amene anandiphunzitsa ntchitoyi anandiuza lamulo limodzi. Usanaboole khoma, ima pamalo pamene kamera idzakhale, utchule munthu aliyense amene amadutsa pamenepo wopanda mlandu. Wobweretsa mkaka, wotchetcha kapinga, mwana wopita kusukulu, onse uwadziwiretu. Ukapanda kutero kamera imakupatsa akuba ambiri kuposa amene alipo.

Ine sindikanatha kuima pabwalo lathu ndili kuno. Ndiye Lamlungu titaweruka kutchalitchi ndinakhala pakhomo, n'kutenga kamtengo, n'kuyamba kujambula mudzi wathu pansi. Lefina anafunsa ngati ndayamba kuombeza. Ndinajambula nyumba yanu ndi khonde lake, nyumba ya Kristina kumtunda, khola la mbuzi, mpanda wa khonje, nkhokwe, ndi mtengo wa mango umene amalume akufuna ndikhomepo kamera. Kenako ndinajambula njira yotsikira kudimba. Njira imeneyi mukuidziwa, imadutsa pamaso penipeni pa khonde lanu, moti wodutsa atapanda kusamala angakankhe lichero lanu ndi phazi.

Ndinatola mwala n'kuuika pakhondepo kuti ndinu. Kale mwalawo sukanakhala pamenepo, chifukwa inu kunja kukacha munali kumunda kapena kumtsinje. Koma Kristina anandiuza kuti chiyambireni bondo mumayala mphasa pakhonde m'mamawa, n'kukhala pompo mukusenda mtedza mpaka nkhuku zitalowa.

Kenako ndinatenga kachitsotso kuti ndi a Ezara, ndikuyendetsa kuchokera kunyumba kwawo kupita kudimba. Kachitsotso katafika pafupi ndi mwala, dzanja langa linaima lokha. Mkamwini wolangidwa bwino adutsa bwanji pamaso pa apongozi ake atakhala pansi? A Ezara chikwatirireni Kristina sanakuyang'anenipo kumaso. Sanadyepo inu muli pafupi. Akakuonani mukubwera m'njira amapatukira m'tchire n'kunjuta mpaka mutadutsa. Mwaiwala tsiku lija anapatukira m'chitedze, n'kubwera kunyumba akudzikanda thupi lonse, ife n'kumawaseka?

Ndinayesa kupititsa kachitsotso kumanzere, ndinapeza khola ndi khonje. Ndinayesa kumanja, ndinapeza mpata umodzi wokha, wodutsa kuseri kwa nkhokwe. Palibenso njira ina, Amayi, pokhapokha munthu atamera mapiko. Za thumbalo, ndani amapita kudimba chimanjamanja? Popita amatenga manyowa kapena mbewu, pobwera amatenga ndiwo zimene inu nomwe mumadya.

Pamenepo ndinachita mantha ndi ntchito yanga yomwe. Ndikanangomvera amalume, n'kukhoma kamera pamtengo wa mango uja ndi galasi lotambalala loona bwalo lonse, tepi ikanaonetsa chiyani? Ikanaonetsa a Ezara m'mawa ndi madzulo, tsiku ndi tsiku, akulowa kuseri kwa nkhokwe, akucheukacheuka kuopa kuti mungawaone, thumba m'manja, uku akudumphadumpha chifukwa cha deki ija. Tepi imeneyi siitulutsa mawu ndipo siifotokoza chifukwa. Ankhoswe akanangoona kamodzi n'kunena kuti mlandu watha. Banja la mlongo wanga ndikanalithetsa ine ndemwe, ndi manja anga, nditanyamula batire kuchokera ku Lusaka.

Sindikunena kuti chimanga sichikutsika. Inu ndinu mwini nkhokwe, mukudziwa. Mwina alipo wakuba weniweni. Mwina ndi makoswe kapena anankafumbwe, amene ndikumva kuti zaka zino akusandutsa chimanga ufa chikadali pachitsononkho. Mwinanso ndi dzanja lanu lomwe, limene silidziwa kubweza munthu wopempha, ndipo likapereka limaiwala. Sindikunenanso kuti alamu anga ndi mngelo. Ndikungonena kuti kudutsa kuseri kwa nkhokwe si kuba, ndipo palibe amene wandiuza kuti anawaona atakwera makwerero.

Choncho ndatsimikiza mtima. Kamera ndibwera nayo, chifukwa sindikufuna amalume anene kuti ndawanyoza. Koma galasi lotambalala ndalibweza. Ndatenga lina loona pang'ono koma pafupi, ndipo ndidzaliloza pakamwa pa nkhokwe pokha, pamene denga limatukulidwa. Lidzaona dzanja lolowa m'chimanga, osati mapazi a anthu odutsa pansi. Likadzaonetsa dzanja la a Ezara, ine ndemwe ndidzawaperekeza mpaka ku Pembamoyo. Likadzaonetsa la wina, amenewo adzayankhe, kaya ndi wachibale wotani.

Ndapempha kale tchuthi cha kumapeto kwa mwezi. Ndidzera ku Chipata n'kukwera minibasi ya ku Chadiza. Amalume muwauze kuti ankhoswe asakhale pansi ine ndisanafike. Kristina ndi mlongo wanga, ana ake ndi mbumba yanga, ndipo sindidzavomereza chigamulo chimene chapangidwa ine kulibe. Amalume akalusa, aluse, ndidzawapepesa ndi nkhuku ndikafika.

Pempho langa kwa inu ndi limodzi, ndipo silifuna waya kapena batire. Kuyambira mawa, chotsani mphasa yanu pakhonde. Kaiyaleni kuseri kwa nyumba, pamthunzi wa khitchini, pamene munthu wa m'njira sangakuoneni. Mtedza umasendeka kulikonse. Musauze munthu chifukwa chake, ngakhale Kristina, chifukwa akadziwa adzauza amuna ake ndipo amalume adzati tinapangana. Mukatero sesani bwino kuseri kwa nkhokwe, dothi lisalale. Nsapato za a Ezara ndi zija za matayala, mapazi ake sasoweka. Pakapita masiku angapo muitane a Keziya, popeza ndiwo anaona, mukayang'ane limodzi. Muone ngati mapaziwo adakali kuseri kwa nkhokwe kapena abwerera m'njira yaikulu.

Ndikudziwa kuti khondelo mumalikonda, chifukwa mumaona aliyense wopita ndi wobwera, ndipo palibe nkhani ya m'mudzi imene imakudutsani. Pirirani pang'ono. Ndikupemphani chifukwa ndikuopa, Amayi. Ndikuopa kuti mwana amene Kristina wanyamulayo angabadwe bambo wake atathamangitsidwa chifukwa chokupatsani ulemu.

Mundiperekere moni kwa amalume a Timoti ndi akazi awo. Muwauze kuti uthenga wawo ndaumva ndipo sindinautaye. Moni kwa mlongo wanga Kristina, adye bwino ndipo asalire, mlongo wake akubwera. Moni kwa adzukulu anu Madalitso ndi Joanna, kwa azakhali ku Pembamoyo mukapeza wopita, ndi kwa amayi onse a Chigwirizano amene amabwera kudzakuonani. Lefina ndi Takondwa akuti muchire msanga.

Moni wotsiriza ndi wa alamu anga a Ezara, koma umenewu muusunge kaye mpaka mutaona mapazi aja. Mukawapeza m'njira yaikulu, musautumize kudzera mwa Kristina monga mwa masiku onse. Bwezerani mphasa pakhonde, muwaitane ndi dzina, muwauze akhale pansi. Zaka zonsezi akhala akukulambalalani, ndipo zakwana. Moni wangawo muwapatse nokha, ndi pakamwa panu, amalume akuona.

Mulungu akusungeni mpaka tionane pabwalo pathupo.

Ndine mwana wanu,
Mateyu