Maluwa Anu Aphukanso

Amayi anga, kodi muli bwanji kumene muliko?

Ife kuno ku Shikabeta tilipo, koma mtima wanga suli m'malo. Ndiyambe ndi zabwino, poti simunkafuna munthu wofika ndi madandaulo asanakhale n'komwe pansi. Chimanga chachita bwino, ngakhale anyani anadyako gawo lawo. Khitchini tafoleranso. Mwana uja munamusiya m'mimba mwanga anabadwa wamkazi, ndipo tinamupatsa dzina lanu, Aginesi. Pamudzi ponse amamuitana kuti Amayi. Tsopano akuthamanga, makani ake ndi anu omwe.

Maluwa anu abuluu aja, amene munakapempha kwa asisitere ku Mpanshya, ndinawasamala monga munandiuzira. Mukukumbukira anthu akukusekani kuti mukuthirira chinthu chosadyedwa? Inu munkangoti, "Awa si anga, ndi a njuchi. Zikakhuta apa, zikandigwirira ntchito ku maungu." Simunaname. Maungu athu ndi mpendadzuwa zimabereka kuposa za anzathu, ndipo m'mawa kuseri kwa nyumba kumangomveka kulira kwa njuchi, agulugufe ali piringupiringu.

Amayi, ndi maluwa omwewo amene andisowetsa mtendere. Aginesi amawakonda koopsa. Ndikangotembenuka, ndimamupeza ali pomwepo, akuthothola n'kumadzibaya m'tsitsi. Tsiku lina ndikupeta ndinamva kukuwa. Njuchi imodzi yokha inamuluma pakhosi. Ndinachotsa mbola, n'kuganiza kuti zatha, poti tonsefe tinakula tikulumidwa. Koma nkhope inayamba kutupa, maso anatsekeka, milomo inada, mpweya n'kumatuluka ngati wa mwana wa mbuzi womangidwa chingwe. Mkamwini wanu anabwereka njinga yamoto, ine ndinamufukata mwanayo. Njira yonse ndinkamuitana dzina, osadziwa ngati ndikuitana iye kapena inu.

Kuchipatala anamubaya jakisoni, anatsitsimuka. Koma anesi anandiuza mosabisa kuti thupi lake siligwirizana ndi njuchi, ikadzamulumanso tili kutali chonchi, mwina sitidzafika naye.

Titabwerera, mkamwini wanu sanazengereze. Anatenga khasu n'kuzula maluwa onse, ine ndili chiimire. Sindinamuletse. Ndinalira, komanso ndinapumako.

Ndiye mvula yoyamba itagwa, aphukanso. Pamalo pomwepo, mwinanso kuposa kale. Ndikudziwa kuti mizu yake imayenda pansi, kachidutswa kakatsala kamamera, munandiphunzitsa nokha pamene tinkagawirako anzanu a kumpingo. Mutu wanga ukudziwa zimenezo, koma nditaona timasamba tija ndinathamangira kukanyamula Aginesi. Amayi aang'ono, ba Tereza, atabwera kudzaona anagwira pakamwa. Anati, "Mwana wanga, mwini wake wakana. Munazula osamuuza. Nanga mwanayu si ndiye mwini dzina? Akulu anga akumufuna pafupi." Kuyambira pamenepo ndikamva kulira kwa ntchentche yomwe ndimataya chimene ndanyamula. Mwana ndimamubereka kumsana tsiku lonse ngati khanda, iye akulimbana nane kuti atsike.

Ine ndimapemphera, Amayi, ndipo ndikudziwa kuti simunali munthu wa nkhanza. Koma ndikudziwanso kuti chinthu chanu simunkachisiya m'manja mwa wina. Nkhuku yanu ikagona kwa eni, munkapita kukaitenga ngakhale kukugwa mvula. N'chifukwa chake ndikuchita mantha, ndipo n'chifukwa chake ndikulemba, kuti nthawi ino musanene kuti sitinakuuzeni.

Maluwa aja ayamba kale kuika timitu, sachedwa kumasula. Mawa ndikumba ndekha, mpaka kamuzu komaliza, ndipo dothi ndilisefa ndi manja. Sinditaya. Ndapempha kale akuluakulu, andilola kukawabzala kumanda, kumutu kwanu. Njuchi zanu zikakupezani kumeneko. Maungu akachepa chaka chino, achepe.

Ndikulonjeza kuti chilimwe chonse ndidzasenza madzi kudzawathirira, sadzauma ine ndili moyo. Koma ndizibwera ndekha. Aginesi simumuona msanga, ndipo musakwiye nazo. Dzina lanu tinamupatsa ndi mtima wonse, Amayi, koma mwanayu ndisiyireni.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Jesinta