Makwaki Opepuka ndi Tsiku la Chiliza

14 Ogasiti 2016

Okondedwa achimwene a Damiano,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Golomoti pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo wa amayi uja, wasiya kutupa? Ine kuno ku Jeremani ndili bwino, kungoti maso akuwawa ndi kompyuta.

Tsiku lija munandifunsa kuti ntchito yanga yafika pati, foni n'kuduka. Popeza mumaphunzitsa fizikisi, inu mundimva. Ndikufufuza makwaki, tizinthu tam'kati mwa pulotoni. Kuti kompyuta ithe kuwerengera, timadula malo m'timabokosi, ngati mapoloti a mpunga a ku Bwanje, n'kuika makwakiwo pamphambano za mizere. Olemera savuta. Opepukawo ndiwo amatisautsa.

Njira zowaikira zilipo zingapo. Ya Wilson ndi yosavuta kuimva, koma makwaki akapepuka kwambiri imayamba kusokonekera. Ina timaitcha staggered. Ndi yachangu, koma kwaki limodzi limaoneka ngati anayi, ndiye timawachepetsa ndi masamu amene ena sawakhulupirira. Yachitatu, ya domain wall, imasunga bwino khalidwe la makwaki opepuka, koma imadya nthawi ya makina mochititsa mantha.

Ine chaka chonse ndagwiritsa ntchito yachanguyo. Mwezi watha ndinayerekeza zotsatira zanga ndi za Nelson, mnzanga wa ku Zambia amene amagwiritsa ntchito yachitatu ija, ndipo sizinagwirizane. Masiku atatu sindinauze munthu, ndikuganiza kuti chaka chapita pachabe. Nditaulula kwa aphunzitsi anga, sanakalipe. Anati mwina palibe walakwa, koma timabokosi tathu n'tokulirapo, ndipo tikatichepetsa njira ziwirizi ziyenera kukumana. Atipezera malo pa makina aakulu kuyambira Seputembala mpaka pakati pa Novembala. Nthawi imeneyi ikandipita, ndidikira chaka china.

Pempho langa lili apa. Tsiku lovundukula chiliza cha abambo munaliika pa 8 Okotobala. Chonde mupite nokha kwa amalume a Alex ku Mtakataka, osati pafoni, mukawapemphe ngati angalole kulisunthira kumapeto kwa Novembala, mvula isanalimbe. Mukawafotokozere zonse mosabisa. Ndikudziwa kuti abale a ku Mua anauzidwa kale, ndipo sindifuna kuti amayi achite manyazi chifukwa cha ine. Amalume akakana, musalimbane nawo. Mungondiuza, ndibwera pa 8 pomwepo. Kumaliro sindinafike, ndipo mpaka lero sindidziwa pamene munawagoneka.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu, kwa azakhali a Mirriam ndi kwa ana onse. Za makwakizi amayi musawavutitse nazo, mungowauza kuti ndikudya bwino.

Ndine mlongo wanu,
Fagness